Mutu 6: Nsungwi Ataya Ndodo

1. Tebulo la m'bondo

Panali patatha masabata asanu ndi limodzi chichitireni opareshoni pamene Nsungwi anabwerera kuchipatala ndi mayi ake. Linali Lachiwiri m'mawa. Pabenchi la odwala mafupa panali podzaza, ndodo zoyendera zili mbwee pansi, moti aliyense wodutsa ankachita kudumpha.

Dzina loti Nsungwi anamupatsa ndi anzake a mpira wa manja chifukwa cha kutalika kwake. Iye ndiye ankamwetsa zigoli m'timu ya sukulu yawo, kufikira tsiku limene analumpha kuti awakhe mpira, mtsikana wa timu ina n'kumuwomba m'mbali akutera. Fupa la msongolo wakumanzere linaphwanyika kumtunda, pamene bondo limakhalapo.

Sanamuike chikhakha. Anamung'amba kunja kwa bondo, n'kubwezera zidutswa za fupa m'malo mwake, n'kuzigwiriza ndi chitsulo chaphanthiphanthi ndi masikuluwu asanu ndi awiri. Panja pankangooneka chipsera chachitali ngati pensulo yatsopano. Ankayendera ndodo ziwiri zimene bambo ake, mmisiri wowotcherera zitsulo, anamupangira okha.

Adokotala a mafupa anali mayi wamfupi, wa magalasi okhala kunsonga kwa mphuno. Anamugoneka pabedi, napinda bondolo, naliwongola, nalipindanso.

"Ukumva kuwawa?"

"Ayi, adokotala."

"Nanga apa?"

"Ayi."

"Vuto lake ndi limenelotu," anatero adokotala.

Nsungwi sanali wolankhulalankhula. M'kalasi ankakhala kumbuyo, ndipo akamufunsa funso ankayankhira pachifuwa. Koma tsiku limeneli anali atayeserera mawu ake njira yonse m'basi.

"Adokotala, Lachisanu kusukulu kukubwera mayi wosankha osewera a timu ya chigawo. Amalemba okhawo amene wawaona pabwalo. Chaka chamawa ine zaka zikhala zitapitirira. Timuyo iyamba kukonzekera pakatha miyezi itatu, ndikhala nditachira. Ndikungopempha mphindi zisanu. Sindilumpha. Ndingoima pansi pa golo."

Adokotala anatenga chithunzi cha mafupa n'kuchipachika pabokosi lowala la pakhoma. Chitsulocho chinaoneka mbee, masikuluwu atandandalika ngati mano a chipeso.

"Tamvera, mwana iwe. Amayi, nanunso mumve, chifukwa ndinu amene mumakhala naye nyumba imodzi. Fupa ili pakati apa ndi lolimba ngati mpini. Koma kumtunda kuno mkati mwake ndi lofewa, lili ndi timabowo ngati siponji. Pamwamba pake ndi posalala ngati tebulo, ndipo thupi lako lonse limakhala patebulo limeneli. Tebulo lako linaphwanyika n'kutitimira. Ife tinalikweza, tinalisalaza, tinaligwiriza. Chitsulo ichi ntchito yake ndi imodzi: kugwira zidutswa kuti zisasunthe pamene fupa likudzilumikiza lokha. Sitinachiike kuti chikunyamule. Ukaponda lero, chitsulo sichithyoka, koma siponji ya pansi pa tebulo iphwafuka. Tebulo likatitimiranso, ngakhale pang'ono pokha, mwendo upendekeka, ndipo usanakwanitse zaka makumi atatu bondo lako lidzakhala la nkhalamba. Ana omva kuwawa sativuta, amadzisunga okha. Amativuta ndinu amene mwachira pakhungu. Masabata ena asanu ndi limodzi. Pinda bondo, wongola bondo, tsiku ndi tsiku. Koma phazi lisanyamule thupi, ngakhale kuchimbudzi. Wamva?"

"Ndamva mawu anu," anatero Nsungwi.

"Sindinafunse za mawu. Ndafunsa ngati wamva."

Nsungwi anatola ndodo zake. Mayi ake ndiwo anayankha kuti, "Wamva, adokotala. Pepani, ndi mwana."

2. Ku shedi

Shedi ya bambo ake inali kuseri kwa malo okwerera basi. Munali mafelemu a mawindo otsamira khoma, geti losapenta litagona pamabenchi awiri, ndi fungo la chitsulo chopsa limene silinkachoka m'zovala. Nsungwi ndi mayi ake atalowa anapeza bambowo akuwotcherera. Anazimitsa moto, nakankhira chigoba cha kumaso pamutu.

"Wabwera kaputeni wanga! Ati bwanji adokotala a magalasi aja?"

"Ati masabata ena asanu ndi limodzi," anatero mayi. "Asaponde."

"Asanu ndi limodzi enanso? Akufuna mwana amere mizu pampando? Tabweretsa chithunzicho."

Anapukuta manja paovololo, natenga chithunzicho, nakaima nacho pakhomo pomwe panali dzuwa. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaimba likhweru.

"Ntchito yaukhondo iyi. Taonani momwe achipindira kuti chigone pafupa. Imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi... masikuluwu asanu ndi awiri! Mayi a mwana, geti la kusukulu kwawo lija ndinalimanga ndi mabawuti anayi okha. Ana mazanamazana amalendewerapo tsiku lililonse. Linagwapo?"

"Mwana wanu si geti."

"Ndiye ndikunena. Geti ndi lolemera kuposa iyeyu. Uyu ndi kamphepo chabe."

"Adokotala ati chitsulocho n'chongogwiriza."

"Chongogwiriza cha masikuluwu asanu ndi awiri? Iwo amadziwa mafupa, sindikana. Koma zitsulo ndazigwira ine zaka makumi awiri ndi zisanu. Chitsulo chotere sichichita dzimbiri, sichipindika. Mutha kukolekapo thumba la simenti. Anthu a kuchipatala amawonjezera masabata dala, kuopa milandu. Nanenso kasitomala ndimamuuza kuti penti iuma masiku atatu, chonsecho iuma mawa."

Bambo anamuyang'ana mwana wawo, natsinzina diso limodzi.

"Tayesa, mayi wanga. Pang'ono pokha. Gwira benchi."

Nsungwi anatsamiritsa ndodo pageti. Anagwira benchi ndi manja onse awiri, natsitsa phazi lamanzere pasimenti. Pansi panali pozizira, ndipo phazilo linachita ngati la munthu wina. Anatsamirapo pang'ono. Palibe chimene chinamveka. Anatsamiranso. Anachotsa dzanja limodzi.

"Mwaona?" anatero bambo ake, akuseka. "Amisiri anzanga agwira ntchito."

Mayi sanaseke. Anatola ndodo zija n'kumupanikiza nazo mwana wawo m'khwapa.

"Inu bambo, mawa mudzakhala muli kuno ndi moto wanu. Amene ndinagona pansi pa bedi kuchipatala masiku asanu ndi anayi ndine. Amene ndinkamutawasa, kumutembenuza, kumupukuta misozi ndine. Ndipo iwe, tandiyang'ana. Ndikudziwa kuti mpirawu ndi umene umakuchititsa kuimika khosi pa anthu. Sindikupeputsa ayi. Ndinkaima kuseri kwa mpanda kukuonerera, ngakhale sindinkakuuza. Koma mwendo umenewu udzayendera kuntchito, udzakwerera masitepe, udzaberekera ana. Timu ya chigawo ikadzatha, anthu amene akukuimbira m'manjawo adzapita kwawo, iwe udzatsala ndi bondo lako. Lachisanu upite kukalasi, ukaweruka ubwere kunyumba. Kubwalo usayandikireko."

"Mwendo ndi wanga, amayi."

Mawuwo anatuluka motsitsa, koma onse anawamva. Nsungwi anali asanayankhepo mayi ake chibadwire.

"Wati chiyani?"

"Ndati ndi wanga. Unathyoka ndi wanga, wachira ndi wanga."

Mayi anayang'ana mwamuna wawo. Iwo anatsitsa chigoba kumaso, nayatsanso moto.

3. Mphindi zisanu

Kusukulu nkhani ya mwendo wa Nsungwi inali itayamba kutopetsa anthu. Mnyamata wina wa kalasi yawo anathyoka mkono mwezi womwewo, ndipo chikhakha chake anzake anachidzaza ndi mayina ndi zojambula. Nsungwi analibe choti munthu alembepo.

"Wothyoka mwendo wopanda chikhakha ndinamuona kuti?" ankatero Mphezi, mtsikana amene anatenga malo ake omwetsa zigoli. "Ndodozo n'zothawira kusesa basi. Tandibwereka, nanenso mawa ndi tsiku langa la tsache."

Womuyankhira Nsungwi anali Kafupi, mnzake wapamtima, wosewera pakati, amene mutu wake unkalekeza paphewa la Nsungwi koma pakamwa pake pankafika kumsika.

"Ubwereke maso kaye, Mphezi, uzionera golo. Sabata yatha unaponya khumi, zinalowa zitatu, chimodzi mwa izo chinachita kukankhidwa ndi mphepo."

Lachisanu pa nthawi yopuma, awiriwo anakhala kuseri kwa thanki ya madzi. Nsungwi anatsegula chikwama. Munali nsapato zosewerera ndi buluku lalitali la masewero.

Kafupi anagwira pakamwa. "Iwe! Amayi ako akudziwa?"

"Ayi."

"Adokotala?"

"Ababa ati chitsulocho chitha kunyamula thumba la simenti. Ndayesa kuponda m'chipinda mwanga masiku atatu. Sindikumva kanthu."

"Ndiye ukufuna ine nditani?"

"Undipatse mpira pachifuwa. Osati m'mwamba, osati m'mbali. Pachifuwa. Ine ndiima ndi mwendo wamanja, wamanzere ungokhudza pansi ndi zala. Ndiponya ndili pomwepo. Zikalowa zitatu, wandiona."

"Nanga Akochi? Sakulola."

"Amenewo ndisiyire."

Kafupi anakanda m'mutu. "Anthu osalankhulanu mumaopsa. Chabwino. Pachifuwa. Koma zikavuta ine sindikukudziwa, sindinakuonepo, ndipo dzina lako ndalimva lero."

Ataweruka, bwalo linadzaza. Mayi wosankha osewera anakhala pampando pansi pa ambulera, buku lili pamiyendo, cholembera chili m'kamwa. Sankaseka, sankaimba m'manja. Ankangoti kuyang'ana, kulemba, kuyang'ana.

Nsungwi anasiya ndodo zake kuseri kwa thanki. Anayenda yekha kuchoka pamenepo kukafika pomwe panaima Akochi, pang'onopang'ono, mutu uli m'mwamba. Atsikana anasiya kutambasula miyendo n'kumamuyang'ana.

Akochi anali mphunzitsi wa masamu, bambo woonda wa wezulo m'khosi. Atamuona anatulutsa maso.

"Ndodo zili kuti?"

"Adokotala andilola, aphunzitsi. Lachiwiri."

"Akulola kuyenda kapena kusewera?"

"Ati mphindi zisanu palibe vuto."

"Kalata?"

"Ili ndi amayi."

Linali bodza lake loyamba kwa mphunzitsi, ndipo linatuluka mosavuta kuposa momwe ankaganizira. Akochi anamuyang'ana kumaso. Akanakhala Kafupi akanamuthamangitsa, koma uyu anali mwana amene sanachedwepo, sanakanepo ntchito, sanayankhepo mwano.

"Tamvera bwino. Ndakuphunzitsa kuyambira uli ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndikudziwa kuti malo amenewa ndi ako. Koma ndaona atsikana ambiri aluso akuthera pabwalo lino chifukwa chofulumira. Ukamva kanthu, ngakhale kakang'ono, kweza dzanja, ndiimba wezulo, palibe amene akuseke. Uime pansi pa golo. Usathamange. Usalumphe. Mphindi zisanu zikakwana ndikutulutsa, zigoli zilowe zisalowe. Mphezi, vula malaya umupatse."

Mphezi anavula malaya a timu ovala pamwamba n'kuwaponya pansi m'malo momupatsa m'manja. Nsungwi anawerama ndi mwendo umodzi, nawatola, nawakutumula fumbi, navala.

4. Phazi lotera

Wezulo inalira. Kafupi analandira mpira pakati, napatsira mnzake, nathamanga, naulandiranso m'mphepete mwa mzere, naukankha molunjika pachifuwa cha Nsungwi. Nsungwi anaukweza pamwamba pa mutu, napinda dzanja. Mpira unalowa osakhudza chitsulo cha golo.

Bwalo linaphulika. "Nsungwi! Nsungwi wabwera!"

Wachiwiri unalowa chimodzimodzi. Mayi wa buku anachotsa cholembera m'kamwa, koma sanalembe.

Wotchinga wa timu imene ankasewera nayo sanali wogona. Anaona kuti mtsikana wamtaliyu sakusuntha pamalo pake, ndipo mipira yonse ikubwera njira imodzi. Anasiya kuima kumbuyo kwake, nadzaima kutsogolo, manja ali tambalale. Njira ya pachifuwa inatsekeka.

Kafupi analandiranso mpira. Anayang'ana kumanja, kotseka. Kumanzere, kotseka. Mu mpira wa manja munthu sasunga mpira nthawi yaitali, ndipo Akochi anali atakweza kale wezulo kukamwa.

Kwa zaka zisanu ndi ziwiri, wotchinga akaima kutsogolo kwa Nsungwi, Kafupi ankachita chinthu chimodzi. Ankauponya m'mwamba, kudutsa pamutu pa wotchingayo, cha kumbuyo pang'ono, pomwe dzanja la Nsungwi lokha ndilo linkafika. Anaziyeserera kambirimbiri, mvula ndi dzuwa, mpaka sankafunikanso kuyang'anana. Manja a Kafupi sanamufunse mwini wake. Mpira unakwera.

"Ayi!" anakuwa Kafupi yemweyo, mpira uli kale m'mwamba.

Thupi la Nsungwi nalonso silinafunse. Analumpha.

Mu mpira wa manja muli lamulo la mapazi. Ukawakha mpira, phazi limene layamba kutera limakhala msomali wako. Ukafuna kutembenuka, umazungulira paphazi lomwelo. Ukalinyamula n'kulipondetsanso mpira uli m'manja, wezulo ilira. Wosewera aliyense ali ndi phazi lake lotera, ndipo Akochi anamuzoloweza Nsungwi lamanzere ali kamwana, maulendo zana tsiku lililonse, mpaka ankatera nalo ngakhale potsika basi.

Anatera ndi lamanzere. Thupi lonse linakhala pamenepo. Anazungulira paphazi lomwelo, nayang'ana golo, naponya.

Mpira unalowa.

Panalibe chimene chinalira. Panalibe chimene chinathyoka ngati tsiku loyamba lija. Anangomva monga amamvera munthu wotsika masitepe atanyamula katundu, akayesa kuti atha pomwe yatsala imodzi. Pansi panachita ngati patsika pang'ono kumanzere kokha. Kenaka m'bondo munayamba kufunda.

Sanakweze dzanja.

Akochi anaimba wezulo mwamphamvu. "Ndinati usalumphe! Tuluka! Mphezi, lowa!"

Nsungwi anavula malaya, nam'patsa Mphezi m'manja. Mayi wa buku anamukodola ndi chala.

"Dzina ndi tsiku lobadwa."

Nsungwi ananena. Mayiyo analemba.

"Zigoli ziwiri zoyambazo sizinandiuze kanthu, mtengo nawonso utha kuima pansi pa golo. Chachitatucho ndiye ndaona wosewera. Mapazi ako ndi aukhondo. Amene anakuphunzitsa kutera anakuphunzitsa bwino. Kalata ibwera kudzera kwa aphunzitsi ako."

"Zikomo, amayi."

Kafupi anapempha kutuluka, nathamangira kuthanki, nabwera ndi ndodo atazibisa kumbuyo ngati zakuba. Maso ake anali atadzaza misozi.

"Pepa, mnzanga. Manjawa andipereka. Tenga, tsamira."

"Zibwezere. Akutiyang'ana."

"Iwe, nkhope yako yatuwa!"

"Ndati zibwezere. Ukandipatse kunja kwa geti."

Kuchoka pabwalo kukafika pageti panali mtunda woti munthu wabwinobwino amayenda osazindikira. Nsungwi anayenda wonsewo ndi mapazi ake, msana uli chilili. Ana a makalasi apansi ankamuthamangira kumugwira dzanja. Iye ankamwetulira. Pofika pageti, buluku linali litathina pabondo ngati mwalowa chinthu.

5. Diso la mmisiri

Sanapite kunyumba. Anatsika basi n'kulowera ku shedi. Pakhomo anaimika ndodo panja, nalowa chogwira mafelemu. Bambo ake anali akusalaza ngodya ya geti, moto uli thethethe. Atamuona anazimitsa makina.

"Andilemba, ababa."

"Akulemba? Wasewera?"

"Zigoli zitatu. Palibe yophonya."

Bambo anamenya benchi ndi chikhatho. "Ndinanena ine! Magazi a ndani amenewa? Amayi ako tiwauza bwinobwino, ndiyamba ndine, iwe ukhale kumbuyo kwanga. Taima apo pakhomo ndimuone wosewera wa chigawo."

Nsungwi anaima pakhomo, kuwala kuli kumbuyo kwake.

Kuseka kwa bambo ake kunazima pang'onopang'ono. Anapendeketsa mutu. Anatsinzina diso limodzi, monga amachitira poyang'ana ngati chitsulo chawongoka.

"Siya felemuyo. Ima bwino."

"Ndaima bwino."

"Phatikiza mapazi."

Anayesa. Mawondo anagundana, koma akakolo anakana kukumana. Mwendo wamanja unali chilili monga kale. Wamanzere, kuyambira pabondo kutsika, unali utapatukira kunja pang'ono. Munthu wamba sakanaona. Koma bambo ameneyu ankabweza felemu yonse chifukwa cha kupendekeka kochepa kuposa pamenepo.

Anagwada pasimenti, nakwinya buluku pang'onopang'ono. Bondo linali litatupa, khungu likunyezimira, chipsera chitakokeka. Anaikapo chikhatho chake chokhakhala, nachichotsa msanga ngati wagwira chitsulo chamoto.

"Walumpha?"

"Kamodzi kokha."

"Ukumva kuwawa?"

"Ayi."

"Usandinamize, mayi wanga."

Nsungwi analuma mlomo. "Pang'ono."

Bambo anakhala pansi pomwepo, pafumbi la zitsulo. Anayang'ana geti limene linali pamabenchi. Pangodya ina panali chopanira, chitagwira zitsulo ziwiri zimene anali asanaziwotcherere. Analiyang'ana nthawi yaitali, ndipo atayamba kulankhula mawu awo anali a munthu wina.

"Ukuchiona chopaniracho? N'cholimba kuposa geti lonseli. Utha kuchimenya ndi hamala tsiku lonse. Koma ndikaimika getili lero, munthu n'kulendewerapo, ngodya ija itsetsereka, chifukwa moto sunapitepo. Chopanira chimangodikira moto. Wophunzira ntchito aliyense ndimamuuza zimenezi sabata yoyamba. Amayi ako ananena kuti n'chongogwiriza. Ananena pomwe waimapo. Ine ndinawerenga masikuluwu. Ndinayang'ana chitsulo chifukwa ndicho ndimachidziwa, fupa sindinaliyang'ane n'komwe. Iwe ndiwe mwana, unafuna kusewera, palibe chachilendo. Koma wamkulu akalankhula motsimikiza pa chinthu chimene akuchidziwa theka, mwana amatenga theka limenelo n'kuthamanga nalo. Ndakupweteka ndine."

"Simunandikankhe, ababa. Ndapita ndekha. Ndanama ndekha. Ndipo andilemba."

Bambo anavula ovololo, nazimitsa magetsi a shedi, nakoka chitseko dzuwa likadali pamwamba. Kasitomala amene anabwera kudzaona geti lake anamuuza kuti abwere tsiku lina. Kenaka anawerama.

"Kwera kumsana."

"Anthu ationa."

"Atione."

Anamubereka kudutsa pamalo okwerera basi, miyendo yake yaitali ikulendewera pafupi ndi pansi, ndodo zili m'dzanja limodzi.

Mayi anawapeza kuchipatala, atathamanga kuchokera kuntchito ndi yunifolomu. Anayang'ana bondo, anayang'ana mwamuna wawo, anayang'ana mwana. Sanakalipe. Anangokhala pabenchi n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato yosewerera imene inali itathina phazi lotupa. Nsungwi akanakonda akanakalipa.

Atamujambula, adokotala a magalasi aja anawaitanira m'chipinda. Pabokosi lowala panali zithunzi ziwiri, cha Lachiwiri ndi cha tsikulo. Chitsulo chinali chimodzimodzi pa zonse ziwiri, chowongoka, masikuluwu onse ali m'malo. Koma pa chachiwiri, mzere wa pamwamba pa fupa unali utatitimira mbali yakunja.

"Mphindi zingati?" anafunsa adokotala osatembenuka.

"Sizinakwane zisanu."

"Zinakwanira."

Anaitana namwino. "Mupezereni bedi. Mawa m'mawa asadye kanthu, ngakhale madzi."

Mawu amenewo Nsungwi anali atawamvapo kamodzi kokha pamoyo wake, ndipo ankadziwa chipinda chimene munthu amapita akauzidwa zimenezo.

Adokotala anatulutsa pepala m'kabati, naliika patebulo pamaso pa bambo, naikapo cholembera.

"Pali njira ziwiri zokonzera zimenezi. Ndidziwa yoyenera ndikatsegula n'kuona mmene fupa lilili. Ina mwa njirazo ndi ya munthu amene adzalumphenso. Inayo ayi. Bambo, sainani apa."

Bambo anatola cholembera.

Nsungwi anatambasula mkono wake wautali kuchokera pabedi, nagwira dzanja la bambo ake.

"Musasaine kaye, ababa."

"Iwe mwana," anatero mayi, "sunakhutebe?"

"Lachiwiri ndinamva mawu okha, amayi. Lero ndikufuna kumva." Anatembenukira kwa adokotala, ndipo sanayankhire pachifuwa. "Mundiuze ineyo njira ziwirizo, zonse, musabise. Mwendo wake ndi uwu, mwini wake ndili pano. Akasaina ndikhale ndikudziwa chimene ndikukagonera."

Adokotala anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. Anachotsa pepala lija pamaso pa bambo, nalitembenuza chafufumimba. Kenaka anatseka chitseko, nakoka mpando, nakhala pafupi ndi bedi.

"Chabwino," anatero. "Tiyambe ndi yoipayo."